Kujambula nyimbo potsata zida ndi njira za chimbale chachinayi cha Led Zeppelin

Mu Januwale 1971 lole ina inafika pabwalo la nyumba yakale yotchedwa Headley Grange, m'chigawo cha Hampshire ku England. Loleyo inali situdiyo yoyendayenda ya gulu la Rolling Stones, ndipo mkati mwake munali mikisa (makina osakanizira mawu) ya Helios, makina ojambulira pa tepi, komanso mnyamata wa zaka 20 dzina lake Andy Johns, yemwe anali injiniya wa ntchito yonseyo. Zingwe zinachoka m'lolemo kulowa m'nyumba, momwe kalekale munkasungidwa anthu osauka, ndipo m'nyumbamo munali anthu anayi a gulu la Led Zeppelin: Jimmy Page woimba gitala, Robert Plant woimba ndi mawu, John Paul Jones woimba besi ndi John Bonham woimba ng'oma. Chimbale chimene anajambula chinatuluka pa 8 Novembala chaka chomwecho chopanda dzina, moti anthu amangochitchula kuti chachinayi.

Ndikulemba malangizowa chifukwa ndimamva chisoni ndikaona wojambula wachinyamata akudandaula kuti alibe ndalama zogulira zida, pamene chimene chinapatsa chimbalechi ulemerero wake ndi zosankha zimene anthu aja anapanga tepi isanayambe kuzungulira: chipinda chake chiti, maikolofoni aime pati, amplifaya ikhale yaikulu bwanji. Zida zenizenizo ndizitchula zonse zimene zili zofunika, ndipo pa chida chilichonse ndinena chimene chinkachita, kuti amene ali ndi kompyuta ndi maikolofoni awiri adziwe poyambira.

Yambani ndi kusaka malo

Musanagwire chingwe chilichonse, yendani m'nyumba imene mukufuna kujambuliramo mukuomba m'manja. Gulu lija linkajambula nyimbo zambiri m'chipinda china chachikulu, koma ng'oma za nyimbo yomaliza, When the Levee Breaks, zinaikidwa pakhonde lamkati polowera m'nyumba, pamene masitepe amakwera mozungulira kupita ku zipinda zam'mwamba ndipo denga lili kutali kwambiri. Mpata wa m'mwambawo ndiwo mukuusaka. Chipinda chotakata koma cha denga lotsika chimabweza mawu msanga ndipo ng'oma zimamveka ngati zatsekeredwa m'bokosi, pamene malo a masitepe amalola mawu kukwera, kugunda makoma osafanana, n'kubwera atanenepa.

Ombani m'manja kamodzi, mukhale chete, mumvetsere mchira wa mawuwo. Ngati mukumva kanthu konjenjemera kobwerezabwereza mofulumira, ndiye kuti makoma awiri osalala ayang'anizana, ndipo muyenera kusuntha kapena kupachika bulangete pa khoma limodzi. Ngati mchirawo ukutha bwinobwino m'sekondi imodzi kapena kupitirirako pang'ono, mwapeza malo. Makoma a njerwa kapena a miyala ndi masitepe a matabwa amagwirizana bwino. Denga la malata lopanda siling'i limalira lokha ng'oma yaikulu ikagunda, choncho lipeweni. Gwedezaninso mawindo ndi zitseko, ndipo paliponse pamene pakugwedera tsinderanipo kansalu, chifukwa njira imene tigwiritse ntchito kutsogoloku imakuza tiphokoso tating'ono kwambiri.

Konzani ng'oma ndi woziimba

Bonham ankaimba ng'oma za Ludwig zazikulu kuposa za anzake ambiri a nthawiyo. Ng'oma yopondedwa ndi phazi inali ya mainchesi 26, snare (ng'oma yaing'ono yolira mwakuthwa) inali yachitsulo ya mtundu wa Supraphonic ya mainchesi 14, ndipo mbale zachitsulo zomenya zija zinali za Paiste. Chodabwitsa kwa ambiri n'chakuti zikopa ankazikunga kwambiri. Ng'oma yaikulu ya chikopa chokungika imatulutsa liwu lokhala ndi mutu, lotha kuyenda mtunda osafota, pamene chikopa cholendewera chimamveka bwino kwa munthu amene waima pafupi koma chimasanduka phala chikafika pa maikolofoni ya patali. Choncho kungani zikopa zonse ziwiri za ng'oma iliyonse, musaboole chikopa chakutsogolo cha ng'oma yaikulu, ndipo chotsani mapilo ndi mabulangete amene anthu amakonda kulongeza m'kati mwake. Kansalu kokhuthala kamodzi kopingasa pansi pa chikopa n'kokwanira.

Kenako khalani pansi ndi woimba ng'omayo mukambirane, chifukwa pa njira iyi iye ndiye mikisa. Simudzatha kutsitsa mbale zachitsulo n'kukweza snare pambuyo pake, popeza zonse zidzalowera pamodzi. Mumupemphe kuti phazi ndi dzanja la pa snare zikhale zolemera, koma dzanja la pa mbale zachitsulo likhale lopepuka. Woimba amene sangathe kuchita zimenezi ayambe wayeserera kwa masiku angapo, ndipo nthawi imeneyo si yotayika.

Ikani maikolofoni awiri patali

Andy Johns anagwiritsa ntchito maikolofoni awiri okha a Beyerdynamic M160, ndipo anawapachika m'mwamba pa masitepe, kutali ndi ng'oma. M160 ndi maikolofoni ya ku Germany ya mtundu wa riboni, kutanthauza kuti m'kati mwake muli timizere ta aluminiyamu topyapyala kwambiri tolendewera pakati pa maginito, ndipo mawu akatigwedeza timapanga magetsi ochepa. Ubwino wake ndi wakuti imafewetsa mawu akuthwa a mbale zachitsulo ndipo imamvera kwambiri kumene yaloza. Kampaniyo ikupangabe maikolofoniyi mpaka lero. Ngati mwabwereka ya riboni, zimitsani magetsi a 48V amene mikisa imatumiza ku maikolofoni musanailumikize, ndipo musaiuzire mpweya poyesa ngati ikugwira ntchito, chifukwa timizere tija timatha kutambasuka n'kuwonongeka ndi mpweya wa m'kamwa wokha. Ngati mulibe ya riboni, tengani maikolofoni awiri ofanana amene muli nawo, ndipo mudzatsitse mawu akuthwa ndi EQ (chida chokwezera kapena kutsitsira mawu akuthwa kapena a pansi) pambuyo pake.

Apa ndipo pofunika kuleza mtima. Ikani maikolofoni awiriwo pa msinkhu umodzi, pa mtunda wa mamita atatu kapena anayi kuchokera pa ng'oma, ataloza pansi pamene pali woimba. Tengani chingwe muyeze kuchokera pakati pa snare kufika pa maikolofoni yoyamba, kenako kufika pa yachiwiri, ndipo mitunda iwiriyo ifanane ndendende. Chifukwa chake n'chakuti mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, kapena kuti amachedwa ndi mamilisekondi pafupifupi atatu pa mita iliyonse, ndipo snare ikafika pa maikolofoni imodzi mochedwerapo kuposa inzake, mbali zina za liwu lake zimafafanizana n'kusiya liwu lowonda lopendekera mbali imodzi.

Jambulani masekondi 30, mumvere, musunthe maikolofoni, mujambulenso. Musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Ine ndinakhulupirira njira imeneyi tsiku limene ndinakweza maikolofoni masitepe atatu okha: ng'oma yaikulu imene poyamba inkangomveka ngati munthu akugogoda pa chitseko inayamba kundigunda pachifuwa, ndipo nditakweranso masitepe ena awiri inasowa, n'kungotsala phokoso la makoma. Ndinatsika, ndinalemba chizindikiro ndi choko pa sitepe yoyenerayo, ndipo kuyambira pamenepo sindichoka pamalo ojambulira ndisanalembe zizindikiro zotero. Jimmy Page, yemwe analinso wotsogolera kujambula kwa chimbalechi, ankaphunzitsa kawirikawiri kuti mtunda ndiwo umapatsa mawu kuya, ndipo masitepe ndi malo amene mfundoyo imamveka ndi khutu.

Ngati mwayesa malo onse ndipo ng'oma yaikulu ikumirabe, onjezani maikolofoni yachitatu pa mtunda wa mita imodzi kutsogolo kwake, muikweze pang'ono chabe, ndipo mudinize batani la phase (lotembenuza funde la mawu a maikolofoniyo) kuti mumve mbali imene ikupereka liwu lonenepa. Imeneyi ndi njira yothandizira chipinda chofooka. Pa When the Levee Breaks sanaifune.

Finyani mawu, kenako onjezani eko

Mawu a maikolofoni awiri aja sanapite pa tepi monga momwe analowera. Johns anawadutsitsa m'ma compressor n'kuwafinya kwambiri. Ntchito ya compressor ndi kutsitsa mawu akamakwera mopitirira muyezo umene mwaika, n'kuwamasula akatsika, ndipo zotsatira zake pa ng'oma zojambulidwa patali n'zakuti kugunda kwenikweni kumatsitsidwa, koma kulira kwa chipinda kumene kumatsatira kumatukuka. Ndi chifukwa chake ng'oma zija zimamveka ngati nyumba yonse ikupuma. Pa kompyuta yanu, ikani compressor imodzi yogwira mbali zonse ziwiri pamodzi, mukweze ratio (kukula kwa kufinyako), ndipo attack (liwiro loyambira kufinya) isakhale yofulumira kwambiri kuti mutu wa snare udutse usanafinyidwe. Chofunika kuposa zonse ndi release (liwiro lomasulira mawu): isunthenisuntheni mpaka singano yoonetsa kufinya izibwerera pamalo pake kugunda kotsatira kutangotsala pang'ono kufika. Ikakhala yochedwa, ng'oma zimagona. Ikakhala yofulumira kwambiri, mbale zachitsulo zimaphwanyika.

Chida chachiwiri chinali Binson Echorec, makina a eko opangidwa ku Italy. Makina ambiri a eko a nthawiyo ankagwiritsa ntchito tepi, koma awa anali ndi kambale kachitsulo kozungulira kokhala ndi mitu inayi yowerengera mawu, ndipo eko yake yaitali kwambiri inali ya mamilisekondi pafupifupi 300. Kugunda kumene anthu ambiri amayesa kuti Bonham akuponda kawiri, mbali ina ndi eko imeneyi. Kuti mupeze nthawi yoyenera, gawani 60,000 ndi liwiro la nyimbo yanu (kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi), kenako mugawenso ndi zinayi. Nyimbo yoyenda pa liwiro la 70 imapereka mamilisekondi 857 pa kugunda kumodzi, ndipo gawo limodzi mwa anayi ndi 214. Ikani eko yobwereza kamodzi kokha, muichotse mawu akuthwa, muikweze mpaka mutaimva, kenako muitsitse pang'ono.

Ndikulangizani kuti compressor ndi eko zimenezi muzikhazikitse tsiku lojambula lomwelo, woimba azizimva m'mahedifoni ake. Munthu amaimba mosiyana akamamva chipinda chikumuyankha, amasiya mpata pakati pa kugunda, ndipo mpatawo ndiwo nyimbo.

Chepetsani liwiro la tepi

Nyimbo yomaliza ija inajambulidwa pa liwiro lina, kenako tepi inachedwetsedwa. Tepi ikamazungulira pang'onopang'ono, nyimbo imachedwa komanso mawu onse amatsika, choncho ng'oma zimamveka zazikulu kuposa momwe zilili ndipo mchira wa chipinda umatalika. Mapulogalamu ambiri a pa kompyuta amatha kuchedwetsa nyimbo popanda kutsitsa mawu, ndipo zimenezo si zimene mukufuna pano. Sakani chotchedwa varispeed, chimene chimasintha zonse ziwiri pamodzi monga tepi. Jambulani ng'oma, besi ndi gitala yoyamba mofulumirirapo pang'ono, muchedwetse, kenako zotsala zonse muzijambulire pamwamba pa zochedwetsedwazo, mutachuna magitala kuti agwirizane nazo.

Besi ndi zida za John Paul Jones

Apa sindikhalitsa. Jones ankaimba Fender Jazz Bass, ndipo chofunika ndi kuijambula nthawi imodzi ndi ng'oma, anthu awiriwo akuonana. Amplifaya ya besi iikeni m'chipinda china kapena lumikizani besiyo mwachindunji ku mikisa, kuti isalowe m'maikolofoni a pa masitepe. Jones yemweyo ndiye anaimba piyano yamagetsi, mandolini, synthesizer ya VCS3 yopangidwa ndi kampani ya EMS ku London, komanso zitoliro zamatabwa zimene zimamveka koyambirira kwa nyimbo ya Stairway to Heaven, zomwe anazijambula mobwerezabwereza, mzere umodzi pamwamba pa unzake. Piyano ya pa nyimbo ya Rock and Roll anaimba ndi Ian Stewart wa ku Rolling Stones, amene anabwera ndi lole ija. Phunziro lake n'lakuti chida chilichonse chachilendo chinalowa pa nyimbo imodzi kapena ziwiri basi, pamene chinali ndi ntchito.

Magitala: njira ziwiri zosiyana

Anthu amene anaona zithunzi za gulu limeneli pa siteji amakumbukira mulu wa ma amplifaya a Marshall ndi gitala ya makosi awiri ya Gibson EDS-1275. Gitala ya makosi awiriyo sinajambule Stairway to Heaven. Page anaipeza kuti azitha kuimba nyimboyo pamaso pa anthu popanda kusintha gitala pakati. Pojambula nyimboyo m'situdiyo ya Island, pa Basing Street ku London, anagwiritsa ntchito gitala yosalumikiza ku magetsi ya Harmony Sovereign, gitala yamagetsi ya nsambo 12 ya Fender, ndipo pa gawo loimba yekha anatenga Fender Telecaster imene anapatsidwa ndi woimba gitala mnzake Jeff Beck n'kuilumikiza ku amplifaya yaing'ono ya Supro.

Chitani chimodzimodzi. Tengani amplifaya yaing'ono ya mavavu (timababu tagalasi tokweza mawu), muikweze mpaka itayamba kusasa yokha, muike maikolofoni imodzi pafupi ndi sipika, chapambali pang'ono osati pakati penipeni, ndi ina pa mtunda wa mamita awiri kapena atatu. Amplifaya yaing'ono yokwezedwa mpaka pamapeto imamveka yaikulu pa tepi kuposa yaikulu yotsegulidwa pang'ono, chifukwa mavavu ndi sipika zikamagwira ntchito mokakamizika zimafinya mawu ndi kuwatalikitsa. Page anajambula gawo lake lija katatu n'kusankhapo. Inunso dziikireni malire otero, chifukwa pofika ulendo wachikhumi zala zimakhala zikudziwa njira koma mtima utachoka kale.

Njira yachiwiri ndi ya pa nyimbo ya Black Dog, ndipo ambiri sakhulupirira akaimva koyamba: magitala otsatira mzere waukulu wa nyimboyo sanadutse mu amplifaya. Gibson Les Paul ya Page inalumikizidwa mwachindunji ku mikisa, mawu anakwezedwa mpaka polowera pake patadzaza n'kuyamba kusasa, kenako anadutsa m'ma compressor awiri a 1176 otsatizana, ndipo mzerewo unajambulidwa katatu. Kuti muyese, lumikizani gitala kudzera mu DI box (kabokosi kolumikizira gitala mwachindunji), muike pulogalamu yotsanzira preamp (chokwezera mawu cha polowera pa mikisa) yodzazidwa, kenako ma compressor awiri, yoyamba ikankhe yachiwiri mwamphamvu. Chenjerani kuti musadzazitse polowera pa kompyuta penipeni, chifukwa kusasa kwa kumeneko n'kolasa m'khutu ndipo sikuchotseka. Mukamvera mzere umodzi pawokha mudzaona ngati mwalakwitsa, popeza umalira mowonda ngati mavu. Jambulani wachiwiri ndi wachitatu, moimba kwenikweni osati mokopera, muike wina kumanzere, wina kumanja, wina pakati, ndipo kusiyana pang'onopang'ono kwa zala ndiko kudzamange khoma la mawu.

Mawu a woimba ndi eko yobwerera m'mbuyo

Pa nyimbo yomaliza ija, harmonica ya Robert Plant ili ndi eko imene imabwera mawu enieni asanafike, ngati mphepo yotsogolera mvula. Pa tepi ankachita motere: ankatembenuza tepi kuti izizungulira chakumbuyo, ankajambula eko ya mawuwo pa tiraki yopanda kanthu, kenako ankaibwezera momwe inalili. Pa kompyuta ndi ntchito ya mphindi zochepa. Koperani tiraki ya harmonica kapena ya mawu, muitembenuze, muike eko kapena reverb (kulira kwa chipinda), mujambule ekoyo yokha, muitembenuzenso, ndipo muiike pamalo pake pansi pa mawu oyambirira. Musaifalitse nyimbo yonse. Mizere iwiri kapena itatu n'njokwanira.

Kumbukiraninso kuti makina a nthawiyo anali ndi matiraki 16 pa tepi ya mainchesi awiri. Tsegulani ntchito yanu ndi matiraki 16 ndipo musawonjezere. Ng'oma zikatenga awiri kapena atatu, mudzaona kuti malo alipo ambiri. Ndikupemphaninso kuti pa nyimbo imene iyenera kukula pang'onopang'ono muzimitse metronome (makina owerengera nthawi). Stairway to Heaven ndi ya mphindi pafupifupi zisanu ndi zitatu, ng'oma zimalowa patatha mphindi zinayi, ndipo liwiro limakwera mwadala kufika kumapeto, zimene makina owerengera nthawi sakanalola.

Kumikisa, ndi ngozi ya ku Los Angeles

Atamaliza kujambula, Page ndi Johns anatenga matepi kupita ku situdiyo ya Sunset Sound ku Los Angeles kukamikisa. Kumeneko zonse zinkamveka bwino, koma atabwerera ku London n'kuwamvetsera anzawo, mawu anali osiyana kwambiri ndi amene anawasiya m'makutu mwawo. Anayambiranso kumikisa ku London, chimbale chinachedwa kutuluka ndi miyezi ingapo, ndipo pa ntchito ya ku Los Angeles ija nyimbo imene inapulumuka n'kulowa m'chimbale ndi When the Levee Breaks. Masipika ndi chipinda chimene simunachizolowere zimatha kunamiza ngakhale akatswiri otere.

Choncho musanayambe kumikisa, mverani nyimbo ziwiri kapena zitatu zimene mumazidziwa bwino pa masipika omwewo, kuti mudziwe ngati akuwonjezera kapena kubisa mawu a pansi. Yambani ndi maikolofoni awiri a pa masitepe aja, muwakweze paokha, kenako mubweretse besi, mawu a woimba, ndipo magitala pomalizira, chilichonse chikupeza malo m'mbali mwa ng'oma popanda kuziphimba. Dinizani kawirikawiri batani la mono, limene limaphatikiza mbali ya kumanzere ndi ya kumanja. Ngati snare kapena magitala atatu aja akusowa mukatero, bwererani mukaonenso phase. Mukaona kuti mwamaliza, tulutsani nyimboyo mukaimvere m'galimoto, pa foni, ndi pa wailesi yaing'ono ya sipika imodzi, muli ndi pepala ndi cholembera m'manja. Lembani zimene zikusintha pa malo aliwonse, mugone, ndipo m'mawa mukonze zokhazo zimene zaoneka pa malo awiri kapena kuposerapo.